Khofi wa ku Misuku pa mbaula ya ku Lilongwe

Amalawi ndife anthu a tiyi, ndipo pamenepa palibe mtsutso. Khofi amene ambirife tinakula tikumudziwa ndi wa m'chitini uja, wosungunuka m'madzi otentha, amene ankatuluka m'kabati pokhapokha kukabwera alendo olemekezeka. Mukawerenga timalemba ta pachitinipo mupeza kuti nthawi zambiri amakhala wosakaniza ndi chicory, muzu wa chomera china chosakhudzana n'komwe ndi khofi. Komatu m'dziko lomweli, m'mapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, ku Viphya, kumtunda kwa Nkhata Bay ndi mbali zina za Mzimba, alimi ang'onoang'ono akukolola khofi wa mtundu wa arabica amene akafika kunja amaikidwa m'timapaketi ta magalamu 250, pa mtengo woti ukausintha m'makwacha umagwira pakamwa. Kumwera nako kuli maesiteti olima khofi, monga Satemwa ya ku Thyolo imene inayamba mu 1923, ngakhale imadziwika kwambiri ndi tiyi.

Mbewuyi si yachilendo kuno. Inafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yotumiza kunja. Kenaka Brazil inadzaza msika, mitengo inagwa, matenda ndi tizilombo zinalowa m'minda, atsamunda aja n'kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Kuyambira pamenepo khofi wakhala mbewu yolimira ena. Timabzala, timathyola, timatsuka, timayanika, kenaka matumba n'kukwera magalimoto kupita ku madoko.

Ine ndinayamba kukazinga ndekha khofi kunyumba chifukwa cha chinthu chimodzi: deti. Pitani m'sitolo iliyonse yaikulu mukatenge paketi ya khofi wogayagaya, mupeza alembapo tsiku limene adzathere ntchito, mwina chaka chamawa kapena cha mkuja. Tsiku limene anamukazinga simulipeza kawirikawiri. Chonsecho nkhani yagona pamenepo. Khofi akangokazingidwa, fungo lake limayamba kuthawa, ndipo akagayidwa limathawa mothamanga kwambiri, chifukwa mpweya umafika paliponse. Paketi imene yakhala pashelefu miyezi isanu ndi umodzi siingakudwalitseni, koma chimene mlimi wa ku Misuku anavutikira chimakhala chitapita kale. Chotsala ndi kuwawa kokha, n'chifukwa chake timathiramo masipuni atatu a shuga.

Pa intaneti ndi pamene ndinaphunzira kuti khofi amalembedwa mayeso. Akatswiri olawa, amene amatchedwa ma Q grader, amamupatsa malikisi pa 100, ndipo wopeza 80 kapena kuposa apo ndiye amatchedwa specialty. Asanalawe n'komwe amatapa magalamu 350 a njere zosakazinga n'kuwerenga zolakwika zake: zakuda, zowola, zankhungu, zobooledwa ndi tizilombo, zosweka. Chinyezi cha m'njeremo chimayenera kukhala pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Ogulitsa abwino a pa intaneti amakuuzani zambiri ndithu: dziko, phiri, dzina la kopareti kapena la munda, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere, mtundu wa mbewu, chaka chokolola, ndi mmene anachotsera makoko. Pali khofi wotsuka, amene amamusenda akangothyola, kumuvundika kuti tonanda tichoke, kumutsuka ndi kumuyanika pa mathandala. Pali wina woyanika ndi chipatso chomwe, amene amakhala wotsekemera komanso wa kafungo ka chipatso chopsetsa. Wambiri wa kuno kwathu ndi wotsuka.

Masamba amenewa amakoma kuwerenga, ndipo mukhoza kugonera pomwepo bando n'kutha. Kuli kampani ya ku Oakland ku America yotchedwa Sweet Maria's, imene yakhala ikugulitsa njere zosakazinga kwa anthu okazinga kunyumba kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zolemba zawo ndi sukulu pazokha. Koma kuwerenga n'kwina, kugula n'kwina. Munthu wa ku Area 25 akafika pa batani lolipira amakumana ndi dziko lake. Ndalama zakunja n'zosowa, makadi a banki ali ndi malire a zimene ungalipire kunja, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cholembedwa m'madola chimaluma. Mtengo wotumizira nthawi zambiri umaposa wa khofi weniweniyo, msonkho wa pachipata ukudikira, ndiponso njere zosakazinga ndi mbewu, siziwoloka malire chisawawa popanda zikalata za zaulimi. Nawonso msika wa dziko lonse sunatichitire chifundo: mu Febuluwale 2025 mtengo wa arabica ku New York unadutsa madola 4 pa paundi (muyeso wa kulemera wochepera pang'ono theka la kilo) koyamba m'mbiri.

Ndiye pali chinthu choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, musankha nokha. Mbale wathu wokhala ku Leeds kapena ku Johannesburg akhoza kudina foni usiku, pakutha masiku ochepa khofi wa ku Malawi wosankhidwa bwino n'kumupeza pakhomo. Ife amene tili pa mtunda wa ulendo wa basi kuchokera kumundako timachita kufunsira kwa anthu. Kuyitanitsa khofi wa ku Misuku kuchokera ku London kuti abwerere ku Lilongwe ndi misala imene sindingalimbikitse munthu. Ngati mukufuna kulawa wa ku Ethiopia, Kenya kapena Colombia, dikirani wachibale amene akubwera pa Khirisimasi akunyamulireni kapaketi kokazinga kale, kolembedwa tsiku. Za tsiku ndi tsiku, yang'anani kumpoto.

Intaneti yathu ya kuno ndi WhatsApp ndi Facebook, ndalama n'kudutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kubwera pa basi kapena pa makampani onyamula maphukusi. Khofi wokazinga wa Mzuzu Coffee, bungwe la makopareti a alimi akumpoto, amapezeka m'masitolo ambiri, koma njere zosakazinga zimafuna kufunsa: kwa ogulitsa khofi m'malo omwera, kwa maesiteti, kwa anthu a m'makopareti. Kufunsako kukhale kwa munthu wodziwa chimene akufuna. Ine ndimafunsa kuti anakolola liti, chifukwa kuno kukolola kumachitika m'miyezi yozizira mpaka chilimwe chitayamba, ndipo khofi wa chaka chino ndi wa chaka chatha sakoma mofanana. Ndimafunsa kumene wachokera, osati kungoti kumpoto. Ndimapempha chithunzi cha njere zili pachikhatho, pa dzuwa, osati chithunzi chokongola chotola pa intaneti. Ndimafunsanso ngati ndi wosenda kale. Funso lomalizali musaliiwale. Mlimi amasunga khofi wake ali m'chikoko choyera chopyapyala chimene a m'makopareti amati parchment, ndipo chimachotsedwa ndi makina ku fakitale. Mukagula wa chikoko, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi zinyalala, ndipo ntchito yokonola mumtondo mosamala kuti njere zisasweke ikhala yanu.

Pali bambo wina amene ndinamupeza m'gulu lina la malonda, wolankhula bwino kwambiri. "Bwana, ameneyu ndi export quality, AA weniweni, azungu akumulimbirana." Phukusi litafika, njere zinali zotuwa mbuu, zonunkha chiguduli ndi nyumba yotsekedwa. Khofi watsopano wotsuka amakhala wobiriwira motuwirako, wolimba, wa kafungo ka udzu wongomweta. Uyu anali atagona m'nyumba yosungiramo katundu nthawi yaitali, mwina pafupi ndi feteleza. Nditamuimbira anati, "Aaa bwana, mukakazinga zonsezo zimatha." Sizitha. Moto suchotsa ukalamba wa njere, umangowonjezerapo kupserera. Ndipo mudziwe kuti AA amanena za kukula kwa njere basi, zimene zatsalira pa sefa ya mabowo aakulu. Sanena kanthu za kukoma. AB wa chaka chino amaposa AA wa zaka ziwiri zapitazo. Kuyambira kale malangizo a ogula khofi ndi amodzi: gulani pang'ono kaye, theka la kilo, mulawe, kenaka muziyitanitsa zambiri.

Dzina lina limene limazunguza anthu mitu ndi Geisha. Mbewu imeneyi inachokera ku nkhalango ya Gesha ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1930, ndipo inatchuka mu 2004 pamene munda wa Hacienda La Esmeralda ku Panama unapambana nayo mpikisano, khofi wake n'kugulidwa madola 21 pa paundi, mtengo umene nthawi imeneyo unali wodabwitsa. Pofika 2019 Geisha wina wa ku Panama komweko anagulidwa madola 1,029 pa paundi. Ku Malawi kuno timalimanso khofi wotchedwa Geisha, pamodzi ndi Catimor ndi Nyika. Koma pali mbewu zingapo zosiyana zimene zimayendera dzina limodzili, choncho wina akakuuzani kuti akukugulitsani khofi wa madola chikwi pa mtengo wachibale, musekeni. Wathuyu ngwabwino mwa iye yekha, safunika kubwereka ulemu wa ku Panama.

Tsono kukazingako. Okazinga kunyumba a kunja amagula timakina ta magetsi, ena amagwiritsa ntchito makina ophulitsira mbuliwuli. Kuno, ndi magetsi athu ongobwera ndi kupita, makina otere akhoza kukuzimirani njere zili pakati, ndipo khofi wozimira pakati sadzukanso. Ine ndimagwiritsa ntchito mbaula, chiwaya chokhuthala chimene sichinaonepo mafuta, mthiko ndi lichero. Aliyense amene anakazingapo mtedza pa phale ali kale ndi theka la luso lake: dzanja losaima, mphuno yotchera, ndi kudziwa kuti ukaphula zimapitirirabe kupsa. Ndipo si zachilendo mu Afrika muno. Ku Ethiopia, kwawo kwa arabica, amayi amakazinga khofi pa makala pamaso pa alendo, kuwazunguliza chiwaya kuti anunkhize utsi, kusinja mumtondo ndi kuphika mu jebena, mphika wawo wadothi wa khosi lalitali. Kumeneko imeneyi ndi ntchito ya pakhomo wamba.

Ndisanayatse moto ndimathira njere palichero n'kusankha. Zakuda, zobooka, timiyala, tizitsotso, zonse kunja. Njere imodzi yowola ikhoza kuipitsa kapu yonse, ndipo kamwala kamodzi kakhoza kuthyola chogayira. Makala akhale atayaka bwino, ofiira, opanda malawi, ndipo zonsezi zichitikire panja, pakhonde kapena kuseri kwa nyumba. Utsi wa khofi ndi wambiri kuposa mmene mungaganizire, ndipo mbaula m'nyumba yotseka tonse tikudziwa kuti imapha. Muchiwaya ndimathiramo magalamu 200 kapena 250, zongokwanira kuphimba pansi, chiwayacho chitatenthera kale.

Mphindi zoyambirira palibe chooneka. Njere zimangolira tseketseke pansi pa mthiko, madzi a m'kati akuuma, ndipo apa ndi pamene munthu amayesedwa kuti ayang'ane pa foni. Musayerekeze. Pang'onopang'ono kubiriwira kuja kumasanduka chikasu, fungo la udzu n'kusanduka la buledi ali mu uvuni. Kenaka zimayamba kufiirira mwa mawangamawanga, zokwinyika, zosaoneka bwino n'komwe, ndipo timankhusu topyapyala timayamba kusupuka n'kumauluka, kugwera pa makala, kukakamira m'tsitsi ndi pa malaya. Utsi umayamba kukwera. Ndiye mumamva: thwa! Kamodzi, patali. Kachiwiri. Kenaka chiwaya chonse chimayamba kuthetheka. Nthunzi ya m'kati mwa njere yaphulitsa njereyo, yafufuma, makwinya aja atambasuka. Kuthetheka koyambaku, kumene okazinga amati first crack, kumabwera njere zikafika cha pa madigiri 196, ndipo kuyambira pamenepa khofi ndi womweka.

Apa ndi pamene pamafunika mutu, chifukwa masekondi makumi atatu amasintha kapu. Ndimachepetsa moto pokweza chiwaya m'mwamba pang'ono, dzanja likutakasabe. Mukaphula kuthetheka kukangotha, khofi amakhala wofiirira mowala, wowawasa bwino, ndipo wa ku Misuku amandipatsa kakomedwe kopita ku bwemba ndi ndimu, zimene ogulitsa a kunja amazilemba ndi mayina a zipatso zimene sitinazionepo. Mukadikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kuwawasa kumatsika, kutsekemera kokhala ngati kwa shuga wopsereza ndi chokoleti kumakwera. Ine ndimaima pamenepa. Mukapitirira, cha pa madigiri 224 pamabwera kuthetheka kwachiwiri, kwa kaphokoso kakang'ono kofulumira, njere n'kuda, mafuta n'kutuluka kunja, utsi n'kuyamba kuluma m'maso. Pamenepo za Misuku kapena Phoka zatha, chimene mukulawa ndi moto. Ambiri amaganiza kuti khofi wakuda bii ndiye wamphamvu. Kuwawa ndi kumene kwachuluka, caffeine sasintha kwenikweni. Ngati mukufuna wakuda wotero, musavutike kugula njere zodula.

Ntchito yonse itenge mphindi zapakati pa 10 ndi 15. Moto ukachuluka, kunja kumapserera m'kati muli mwamuwisi, ndipo kapu yake imawawa ndi kuwawasa nthawi imodzi. Ukachepa mpaka kudutsa mphindi 20, khofi amatuluka wozizira, wopanda moyo, ngakhale mtundu wake uoneke bwino.

Kuphula n'kothamanga. Njere zimapita palichero nthawi yomweyo, n'kuyamba kupeta. Apa lichero limaposa zipangizo zambiri zimene ndaziona pa intaneti, chifukwa limagwira ntchito ziwiri pakamodzi, kuziziritsa ndi kuulutsa mankhusu. Mayi a kunyumba amapeta bwino kuposa ine, ndipo akandiona ndikutaya njere pansi amangoti, "Tabweretsani kuno, bambo, mukuwononga ndalama." Zikazizira muone bwino: mupeza njere zina zotuwa, zokana kupsa pakati pa zinzake zofiirira. Zimenezo zinathyoledwa zosapsa, zilibe shuga wokwanira, ndipo mukaluma imodzi imamveka ngati pepala. Zichotseni. Kuchuluka kwa njere zotere kumakuuzani mmene anthu anathyolera kumunda, ngati ankasankha zofiira zokhazokha kapena ankangopulula nthambi yonse. Pamafunika makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso kuti papezeke kilogalamu imodzi ya njere, ndipo zonsezo zimathyoledwa ndi manja, m'malo otsetsereka, m'nyengo yozizira. Ukazindikira zimenezi, kunenerera mtengo mpaka wogulitsa alire kumayamba kuchititsa manyazi.

Powerengera ndalama kumbukirani kuti khofi amapepuka akakazingidwa. Kilogalamu imodzi imatsika kufika cha pa magalamu 850, ndipo mukamudetsa kwambiri imatsikanso kuposa apo.

Chovuta kwa munthu wongoyamba ndi kudikira. Khofi wongophula kumene amakhala wodzaza mpweya wa carbon dioxide, ndipo mukamufulula tsiku lomwelo amachita thovu lambiri koma kukoma kwake kumakhala kobisika. Mpatseni masiku awiri kapena atatu m'botolo lagalasi, chivindikiro chosamanga kwambiri usiku woyamba, kenaka mutseke ndithu n'kuika m'kabati mopanda dzuwa. Mufiriji ayi, amatenga fungo la usipa ndi anyezi. Masabata atatu oyambirira ndiwo abwino, n'chifukwa chake ndimakazinga pang'onopang'ono. Njere zosakazinga ndi zimene zimapirira: miyezi yambiri zili bwinobwino, bola zikhale pouma, m'chidebe chotseka, kutali ndi palafini, sopo ndi khoma lonyowa la m'nyengo ya dzinja.

Pa zonse zimene mungagule pa intaneti kapena kutumitsa kwa wachibale, ine ndingati ndalama yanu ipite ku chogayira cha pamanja, chokhala ndi mano osinthika, ndi kasikelo kakang'ono ka kukhitchini. Mtondo umagwira ntchito, koma umatulutsa ufa wosakanikirana, wina wosalala wina wamisere, ndipo ngati munasinjiramo tsabola kapena adyo, mumva. Gayani wongokwanira kumwa nthawi yomweyo. Muyeso woyambira ndi magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 15 pa kapu yabwino. Mabuku a kunja amati madzi akawira muwadikire pang'ono, koma Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amawira asanafike madigiri 100, choncho mukhoza kuthira akangophulidwa. Ngati mulibe French press, kajagi kofululira khofi kokhala ndi sefa yokankhira pansi, thirani khofi ndi madzi m'kapoto, vindikirani mphindi zinayi, sefani ndi kasefa ka tiyi mosathamanga kuti nsenga zitsale pansi. Kulawa koyamba kukhale kopanda shuga ndi mkaka, kuti mudziwe chimene mwapanga. Mukatero thirani zimene mtima wanu ukufuna, palibe wapolisi wa khofi.

Sindikunamizani kuti chiwaya chingafanane ndi makina a akatswiri, aja a mgolo wozungulira okhala ndi zoyezera kutentha. Khofi wa pambaula amatuluka wa mawanga, njere zina zakuda mbali imodzi, ndipo wa lero safanana ndendende ndi wa sabata yamawa ngakhale njere zichokere m'thumba limodzi. Amakhalanso ndi kautsi pang'ono, kamene ena amakakonda ena ayi. Ngati pafupi nanu pali munthu wokazinga bwino ndi makina, amene amalemba tsiku lokazingira papaketi ndipo amatha kukuuzani phiri limene khofiyo wachokera, gulani kwa iyeyo, mupumitse mkono. Anthu otere ayamba kupezeka m'mizinda yathu, ndipo akufunika makasitomala a kuno kuti asamangodalira alendo odzaona dziko. Koma pakati pa khofi wa pachiwaya wa masiku anayi ndi paketi yogayagaya yosadziwika tsiku lobadwa, ine ndimatenga wa pachiwaya mosaganiza kawiri.

Aneba anga, bambo achikulire opuma pa ntchito ya uphunzitsi, anabwera tsiku lina atamva utsi, akuganiza kuti kwapsa nyemba. Ndinawapatsa kapu ya khofi wa sabata imeneyo. Anamwa pang'ono, n'kukhala chete, kenaka anafunsa ngati ndathiramo ndimu. Nditawauza kuti ndi khofi yekha, wa ku Chitipa, anapukusa mutu, anapempha shuga ndi mkaka, n'kumaliza kapu yonse. Pano amatumiza mdzukulu wawo ndi kabotolo Loweruka lililonse, ndipo ayamba kudandaula kuti ndikumuphula msanga, iwo amafuna wakuderako. Ndawauza kuti njere zikabwera ulendo uno tigawana mtengo, chiwaya ndiwabwereka, akazinge okha mmene akufunira.